Kagalimoto ka labala kakuzungulitsa matayala pamalo amodzi: vuto lili pati?

Funso lochokera kwa mayi wina

Mwana wanga wamkazi wa zaka 10 wapanga kagalimoto ka katoni koyendera labala, matayala ake ndi zitsekero za mabotolo. Akakulunga labala n'kukaika pansi, matayala akumbuyo amangozungulira pamalo pomwepo. Nthawi zina kamathamanga pang'ono kenaka n'kubwerera cham'mbuyo, komanso kamakhotera kumanzere. Tinawonjezera labala wachiwiri kuti kakhale ndi mphamvu, koma ndiye zinaipiratu. Tichite chiyani kuti kayende patali?

Yankho

Mayi, yambani ndi kuchotsa labala wachiwiriyo. Kagalimoto ka mwana wanu sikakusowa mphamvu ayi. Kali nayo yochuluka kuposa imene matayala ake angathe kuifikitsa pansi, ndipo yotsalayo ikungothera m'kuzungulira kopanda pake. Anthu ambiri akaona kagalimoto kotere kakukanika kuyenda amathamangira kusaka labala wonenepa, pamene nkhani yagona pa momwe mphamvuyo ikutulukira. Iyenera kutuluka pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali, kudzera m'matayala ogwira pansi bwino. Zonse zimene ndinene pano zikuchokera pamenepa.

Tiwerengere limodzi, poti masamu ake ndi osavuta ndipo mwana wa zaka 10 akhoza kuwatsatira. Ekiselo yakumbuyo, kamtengo kolumikiza matayala awiri kaja, nthawi zambiri imakhala kamtengo kansungwi konenepa pafupifupi mamilimita 3. Chitsekero cha botolo chimatambalala pafupifupi mamilimita 30. Ndiye kuti tayala ndi lalikulu maulendo 10 kuposa ekiselo. Labala amakoka pa ekiselo, koma chimene chimakankha nthaka ndi m'mphepete mwa tayala, ndipo mphamvu yofika m'mphepetemo imachepa mogwirizana ndi kusiyana kwa kukula kumeneku. Tinene kuti labala wokokedwa kwambiri akukoka ngati katundu wa magalamu 500. Pansi padzafika gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye kuti magalamu 50. Tsono kagalimoto ka katoni kakhoza kulemera magalamu 50 okha, ndipo matayala akumbuyo amanyamula mwina theka lake. Mukupempha matayala opsinjidwa ndi magalamu 25 kuti akankhe ndi mphamvu ya magalamu 50, chonsecho ndi apulasitiki oterera, pansi posalala. Sangathe. Amaterereka, labala n'kumasuka yense m'kamphindi, kagalimoto kali pomwepo. Mutawonjezera labala wachiwiri pambali pa woyamba, 50 uja anasanduka 100, n'chifukwa chake zinaipiraipira.

Tsopano ikani ma CD akale m'malo mwa zitsekero kumbuyoko. CD imatambalala mamilimita 120, ndiye kuti ndi yaikulu maulendo 40 kuposa ekiselo ija. Labala yemwe uja tsopano akufikitsa pansi mphamvu ya magalamu pafupifupi 12, imene matayala angaigwire, makamaka poti CD iliyonse imalemera magalamu pafupifupi 15 ndipo kulemera kumeneku kwakhala pomwe kukufunika. Phindu lalikulu lili pa mtunda. Ekiselo ikazungulira kamodzi, imamasula labala wotalika pafupifupi sentimita imodzi. Pa kuzungulira kumodzi komweko chitsekero chimayenda masentimita 9 ndi pang'ono, pamene CD imayenda masentimita pafupifupi 38. Mukakulunga maulendo 20, zitsekero zikufikitsani pafupi ndi mamita 2, ma CD akufikitsani mamita 7 ndi theka, ndipo apa sitinawerengere mtunda umene kagalimoto kayenderere kokha labala atatha. Zili ngati magiya a njinga: giya yopepuka imadzutsa msanga koma umapalasa kwambiri osapita patali, yolemera imayamba mwaulesi koma imadya mtunda.

Ngati ndi ma CD kagalimoto kakukanika kudzuka, musabwerere ku zitsekero. Kulungani tepi pang'ono pakati pa ekiselo, pamalo pamene labala amakulungidwa, kuti panenepe. Ekiselo ikachoka pa mamilimita 3 kufika pa 6, mphamvu yofika pansi imawirikiza kawiri, koma maulendo okulunga amachepa ndi theka. Apa ndi pamene mwana angasewere napo tsiku lonse, kuwonjezera tepi ndi kuchotsa, mpaka apeze pamene kagalimoto kakudzuka popanda kuterereka. Kwa ine palibe gawo lophunzitsa kuposa limeneli m'chidole chonsechi.

Matayala aakulu okha sakwanira ngati m'mphepete mwake muli moterera. CD ndi yopyapyala ndipo pulasitiki yake sigwira pansi. Dulani baluni m'lifupi kuti mupeze mkombero wa mphira, n'kuuveka m'mphepete mwa CD monga tayala limavekedwera pa limu. Ngati mukugwiritsabe ntchito zitsekero, zingirizani labala wotambalala m'mphepete mwa chilichonse. Chitani izi kumatayala akumbuyo okha. Akutsogolo sakankha, amangogubuduka, ndipo mphira pa iwo ukhoza kungowonjezera kulemera. Kenaka matani makobidi awiri kapena atatu pa katoni, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, kuti matayala apsinjike. Osachulutsa, chifukwa kulemera kulikonse kumene mwaika kuyenera kunyamulidwa ndi labala yemweyo. Wonjezerani kobidi limodzilimodzi, ndipo kuterereka kukangosiya, lekerani pomwepo.

Pali kuterereka kwina kumene kumabisala. Nthawi zina ekiselo imazungulira mkati mwa bowo la tayala, tayala lili chiimire kapena likutsalira. Yesani motere: gwirani ekiselo ndi zala, n'kuyesa kupotoza tayala. Likasuntha, ndiye kuti silinamatike. Matayala akumbuyo ayenera kukhala chinthu chimodzi ndi ekiselo. Bowo la CD ndi lalikulu, mamilimita 15, choncho matani chitsekero pakati pake penipeni n'kuboola chitsekerocho, kapena tsekani bowolo ndi kachidutswa ka mphira wa patapata wakale kodulidwa mothina, ekiselo n'kulasa pakati pake. Guluu wotentha amagwira bwino pa ntchitoyi, koma chipangizo chomusungunulira chigwireni ndinu.

Za kubwerera m'mbuyo, sindikukayika kuti labala munamumangirira pa ekiselo ndi mfundo. Zikatero, labala akamasuka yense, matayala amapitirizabe kuzungulira chifukwa cha liwiro limene ali nalo, ndipo ekiselo imayamba kukulunganso labala uja mbali inayo. Labala amakana, n'kuimitsa kagalimoto, kenaka n'kukakokera m'mbuyo. Labala sayenera kumangidwa pa ekiselo, ayenera kungokolekedwa. Pakati pa ekiselo payenera kukhala kachitsa kakang'ono, kotalika mamilimita 4 kapena 5. Mungadule kachidutswa ka chotokosera mano n'kukamata mopingasa, kukazenga ndi ulusi kuti kalimbe, kapena kumanga kawaya kolimba n'kusiya kansonga. Mwana akoleke labala pa kachitsako, azungulitse matayala cham'mbuyo, ndipo labala akakulungika kamodzi amadzigwira yekha. Akatha kumasuka amavuka n'kugwa, matayala n'kutsala aufulu. Kagalimoto kokonzedwa bwino kamayenda gawo lalikulu la ulendo wake labala atagwa kale, choncho mfundo ijayo ikubera mwana wanu mtunda wambiri.

Kuti labala avuke bwino, kutalika kwake kuyenera kugwirizana ndi thupi la kagalimoto. Mukamumangirira kutsogolo, ali chimasukire, nsonga yake izifika pafupi ndi ekiselo koma osaigunda, kuti mwana azimukoka pang'ono pomukoleka. Akatalika kupitirira ekiselo, amalendewera n'kukodwanso pa kachitsa. Akafupika kwambiri, mwadya kale gawo la kutanuka kwake musanayambe kukulunga.

Labala wachiwiri uja musamutaye. Malo ake si pambali pa mnzake, koma kumapeto kwa mnzake. Lowetsani wina mwa mnzake n'kukoka kuti alumikizane ngati unyolo. Malabala awiri ogundizana mbali ndi mbali amakoka mwamphamvu kawiri pa utali womwewo. Awiri olumikizidwa m'litali amakoka ndi mphamvu ya mmodzi, koma amatanuka utali wowirikiza. Mphamvu yosungidwa ndi yofanana, poti mphira wake ndi wochuluka mofanana, koma m'njira yachiwiriyi imatuluka mofatsa, monga tikufunira. Izi zikutanthauza kuti thupi la kagalimoto litalike. Masentimita 25 mpaka 30 ndi abwino. Kagalimoto kafupi kamaoneka bwino m'maso, koma labala alibemo malo otanukira.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi yomangirira ulusi wolimba kumapeto kwa labala, ulusiwo n'kukhala ndi kadiso kokolekera pa kachitsa. Pamenepo chimene chikukulungidwa pa ekiselo ndi ulusi, labala akungotanuka molunjika pansi pa thupi. Labala akakulungidwa yekha pa ekiselo amasanjikizana, amatsinana, ndipo pomasuka amachita modukizadukiza. Ulusi umamasuka mosalala, ndipo poti ndi wopyapyala, ekiselo sinenepa pamene mukukulunga. Choipa chake n'chakuti labala sangatanuke kupitirira pamene pali ekiselo, ndiye kutalika kwa thupi kumafunikanso kwambiri.

Tibwere pa kukhotera kumanzere. Musanakonze chilichonse, chotsani labala, muike kagalimoto pansi posalala n'kukakankha pang'ono ndi chala. Kakakhota popanda labala, vuto lili m'mapangidwe. Kawirikawiri ma ekiselo awiri sakhala olingana: mtunda wa pakati pawo mbali imodzi umakhala waufupi kuposa mbali inayo, ndipo kagalimoto kamakhotera kumbali yaifupiyo. Kusiyana kwa mamilimita 2 okha n'kokwanira kukapotoza pa ulendo wa mamita angapo. Yezani ndi lula mbali zonse ziwiri. Pomata timapaipi tomwera zakumwa timene ma ekiselo amadutsamo, musadalire maso. Jambulani kaye mizere iwiri yopingasa pa katoni pogwiritsa ntchito kona ya buku kapena ya pepala, kenaka matani timapaipi motsatira mizereyo.

Ngati ma ekiselo ali bwino, yang'anani ngati tayala lina likukhula katoni. Kapaipi kayenera kutalika pang'ono kuposa kutambalala kwa thupi, kuti katulukire mamilimita angapo mbali iliyonse, tayala lizigunda nsonga ya kapaipi osati katoni. Pakati pa tayala ndi kapaipi pasiyidwe mpata wa mamilimita 2 kapena 3. Mkanda wosalala ukalowetsedwa pa ekiselo pampata umenewu umathandiza kwambiri. Onaninso kuti guluu sanadonthere mkati mwa kapaipi. Kumbuyo, dulani chibowo pakati pa katoni kuti ekiselo ionekere pamene pali kachitsa, ndipo kapaipi kakhale zidutswa ziwiri, china kumanja china kumanzere, koma zonse pa mzere umodzi. Njira yosavuta ndiyo kumata kapaipi kathunthu kaye, guluu akauma n'kudula pakati. Mukamata zidutswa payekhapayekha, siziyang'anizana bwino ndipo ekiselo imathina.

Bowo la tayala likapanda kukhala pakati penipeni, kagalimoto kamatsimphina, ndipo kutsimphina kulikonse kumadya mphamvu. Zitsekero zambiri zili ndi kadontho pakati kochokera kufakitale, ndipo ndi pomwepo poyenera kuboola. Kakapanda kuoneka, jambulani chitsekerocho pa pepala, dulani bwalolo, lipindeni pakati kawiri, ndipo pamene mizere yakumana ndi pakati. Matayala a ekiselo imodzi akhale ofanana kukula, a mtundu umodzi wa botolo. Komanso musanagwiritse ntchito kamtengo kansungwi, kagubuduzeni pa tebulo. Kakamadumphadumpha ndi kokhota, sankhani kena.

Kakamayenda molunjika popanda labala koma n'kukhota mukamuika, ndiye kuti labala akupinda thupi kapena akukokera mbali. Mumangirire pakati penipeni kutsogolo, ndipo kachitsa kakhalenso pakati pa ekiselo. Katoni ili ndi timizere mkati mwake, ndipo timeneti tiyenera kuyenda m'litali mwa kagalimoto, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Tikapingasa, labala amapinda thupi ngati akulipinda dala. Matani makatoni awiri pamodzi, kapena ikani timitengo tiwiri m'mbali kuti thupi liume. Zimachitikanso kuti tayala limodzi lakumbuyo likugwira pansi, linzake likuterereka, kagalimoto n'kuzungulira ngati kasokonezeka. Zikatero onani ngati mphira wa matayala onse wavalidwa mofanana, ndiponso ngati makobidi aja ali pakati.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndikupempha kuti mwana azichita nthawi zonse akasintha kanthu. Anyamule kagalimoto m'mwamba, azungulitse matayala ndi chala, n'kuwerenga kuti atenga nthawi yaitali bwanji asanaime. Akaima msanga, pali pamene pakukhulana. Mankhwala ake ndi kupaka pensulo pa ekiselo, pamalo olowa m'kapaipi, mpaka pade. Makala a pensulo amateretsa bwino ndipo sakoka fumbi. Mafuta musawayandikitse, chifukwa amafewetsa katoni komanso amawononga mphira wachilengedwe.

Labalayo payekha ali ndi khalidwe lake loyenera kulidziwa. Mphira umapangidwa ndi timaulusi tatitali kwambiri tosaoneka ndi maso, topiringizana. Mukakoka mumatiwongola, ndipo timafuna kubwerera m'kupiringizana kwake. Kukoka kumene mumamva ndi kumeneko. Mwana akhoza kudzionera yekha chinthu chodabwitsa: akoke labala mofulumira n'kumugunditsa pamlomo wam'mwamba, adzamva kuti wafunda. Akadikira pang'ono n'kumumasula, adzamva kuti wazizira. John Gough, wa ku England, amene anali wosaona, anafotokoza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo katswiri wa sayansi James Joule anadzazifufuzanso pambuyo pake. Kwa ife opanga zidole, chofunika n'chakuti labala sabweza mphamvu yonse imene mwamupatsa, ina imatayika ngati kutentha. Ndipo akakhala chikokedwere nthawi yaitali amafooka. Choncho mwana akakulunga asamayende nako m'manja akudikira anzake, akulunge n'kukasiya nthawi yomweyo. Akamaliza kusewera amasule labala. Dzuwa ndi kutentha zimamuumitsa, ndipo labala amene waonetsa timing'alu mukamukoka watsala pang'ono kuduka. Watsopano amakhala wouma pa maulendo oyamba, choncho mukokeni kangapo musanayambe kuyeza mtunda, apo ayi zotsatira zoyamba zidzakusokeretsani.

Kumbukiraninso kuti labala sakoka mofanana ulendo wonse. Amakoka kwambiri poyamba, pamene watanuka mpaka pamapeto, n'kumafooka akamamasuka. Kuterereka kumachitika pa sekondi yoyambayo. Nthawi zambiri kuchepetsa maulendo okulunga ndi awiri kapena atatu kumapititsa kagalimoto patali kuposa kukulunga mpaka labala atauma gwa, chifukwa maulendo omalizawo ndi amene amaterereketsa matayala. Ana savomereza msanga zimenezi, ndi bwino adzionere okha poyeza.

Mwana akadzatopa ndi kagalimoto aka, pali mtundu wina umene ulibe vuto la kuterereka n'komwe.  Mu 1871 ku Paris, Alphonse Pénaud anaulutsa kandege kakang'ono mtunda wa mamita pafupifupi 40 m'masekondi 11, ndipo nzeru yake inali yopota labala m'malo momukoka, kuti azungulitse chopepera mphepo. Nzeru yomweyo imagwira ntchito pa kagalimoto. Labala amayalidwa m'litali pamwamba pa thupi, kumbuyo n'kukolekedwa pa kawaya kozungulitsa chopepera chodulidwa ku botolo lapulasitiki. Matayala onse anayi amangogubuduka, chokankha ndi mphepo. Apa malamulo amatembenuka: kagalimoto kayenera kupepuka kwambiri, makobidi achotsedwe, mphira wa m'matayala sufunika, ndipo zitsekero zija zimagwira ntchito bwino lomwe. Chovuta chake ndi kupinda mapiko a chopepera kuti apendekeke mofanana, komanso kuchikweza kuti chisagunde pansi.

Za chitetezo ndi zochepa koma musazinyalanyaze. Kuboola zitsekero ndi msomali, kudula katoni ndi mpeni ndiponso guluu wotentha ndi ntchito zanu. Dulani nsonga zakuthwa za timitengo mukamaliza kulowetsa matayala. Pokulunga, kagalimoto kakhale kutali ndi nkhope, poti labala akaduka amalasa diso. Ngati m'nyumba muli mwana wosakwana zaka 3, mikanda, makobidi ndi zidutswa za baluni zisatsale pansi, chifukwa zimatsamwitsa. Pali anthu enanso amene khungu lawo limadana ndi mphira wachilengedwe, choncho mukaona kuyabwa kapena totupa m'manja, mwana asiye kugwira malabala ndi mabaluni.

Pokonza zonsezi, musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi, chifukwa kakayenda bwino simudzadziwa chimene chathandiza. Ine ndikadayamba ndi kukankha kagalimoto kopanda labala mpaka kayende molunjika ndi mopepuka, kenaka n'kumasula mfundo ija n'kuika kachitsa, kenaka matayala aakulu ovala mphira, makobidi n'kubwera pamapeto ngati akufunikabe. Mwana akhale ndi pepala, ajambule mzere woyambira pansi, akulunge maulendo ofanana nthawi zonse, ayese katatu pa kusintha kulikonse, n'kulemba mtunda wake. Ayeserenso pamalo amodzimodzi, poti pa simenti, pa matailosi ndi pa kapeti matayala amagwira mosiyana kwambiri, ndipo makobidi amene athandiza pa matailosi akhoza kungolemetsa kagalimoto pa simenti yokhakhala.